Ndemanga: galaja ya zamagetsi ya ku Makata imene imayamba yayeza isanakugulitseni kanthu

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene zadzaza mumsewu wa Masauko Chipembere mumzinda wa Blantyre m'mawa uliwonse, kaya ndi Sienta, Passo, Vitz, Freed kapena Note, zinabwera kuchokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito, ndipo zochuluka zinatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Injini zake ndi zolimba, koma zamagetsi zake ndi zambiri kuposa za galimoto zimene amakaniko athu akale anaphunzirirapo ntchito: zitseko zotseguka zokha, makiyi a rimoti, mawindo oyendera batani ndi makompyuta angapo obisika kuseri kwa dashibodi. Anthu odzitcha amisiri a zamagetsi ndi ambiri ku Ginnery Corner, ku Limbe ndi ku Ndirande, koma amene amayamba ayeza asananene chimene chafa ndi owerengeka. Galaja imene ndikuinena pano ili m'dera la mafakitale ku Makata, ndipo ndi imodzi mwa zowerengekazo. Dzina lake ndalisunga chifukwa ndinena zabwino ndi zofooka zomwe.

Ndinapitako ndi Sienta imene inali ndi vuto lodziwika kwa ambiri. Ikamayenda tsiku ndi tsiku inkalira bwinobwino, koma ikakhala Loweruka ndi Lamlungu osayenda, Lolemba m'mawa sitata inkangoti ke-ke-ke, nyali za padashibodi n'kuzilala. Mmisiri wina anali atandiuza kale kuti ndigule batire latsopano, wina kuti alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira, yatha, ndipo onse awiri ananena zimenezi atangosuzumira m'boneti osagwira chida chilichonse. Mwini galaja ya ku Makata, bambo wachikulire wosachuluka mawu amene anyamata ake amangomutchula kuti madala, anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa zinthu ziwiri: ngati pali chipangizo chimene chinawonjezeredwa galimotoyo itafika kuno, komanso ngati vutolo limadza galimoto ikagona usiku umodzi wokha. Mafunso amenewa ndi amene anandipatsa chikhulupiriro, chifukwa anasonyeza kuti munthuyo akufuna kudziwa ngati batire likulephera kulandira moto, likulephera kusunga, kapena pali chimene chikuliba moto galimoto ili chiimire.

Ntchito yeniyeni inachitika ndi mita ya m'manja, ndipo anandiimitsa pafupi kuti ndiziona manambala ndekha. Batire la mavolti 12 likakhala lodzaza, injini itazima kwa kanthawi, limawerenga pafupifupi 12.6, ndipo likatsika kufika cha m'ma 12.0 ndiye kuti moto wambiri wapita. Atalitchaja langa, linawerenga bwino, ndipo pamene ankaliza injini mphamvu yake sinagwe kwambiri, chimene chinasonyeza kuti batirelo likadali ndi moyo. Injini italira, mita inakwera kufika 14.1, ndipo anayatsa nyali zakutsogolo, fani ndi mawaipa pamodzi kuti aone ngati nambalayo igwa, inangotsika pang'ono. Alternator yabwino imapereka mavolti apakati pa 13.8 ndi 14.5, choncho nayonso inalibe mlandu. Apa ndiyenera kuyamikira chinthu chimodzi chimene sanachite. Amisiri ambiri amayeza alternator pozula temino ya batire injini ikulira, amati ikapitiriza kulira ndiye kuti ili bwino. Njira imeneyi inkatheka pa galimoto zakale, koma pa galimoto za makompyuta imatha kukweza mphamvu mwadzidzidzi n'kuwotcha kompyuta ya injini, imene mtengo wake umaposa wa batire kutali. Pagalaja imeneyi mnyamata amene angayese zotere amadzudzulidwa pomwepo.

Chinatsala ndi kufufuza chimene chimamwa moto galimoto itazima. Anamasula temino ya negativi ndi sipanala ya 10, n'kulumikiza mita pakati pa temino ndi batire, anatseka zitseko zonse, ndipo anandiuza kuti tidikire pafupifupi theka la ola kuti makompyuta onse agone. Galimoto yabwinobwino ikagona imamwa moto wochepa kwambiri, wosapitirira mamiliampu 50, wongokwanira kusunga wotchi, alamu ndi zimene wailesi inasunga. Yanga inkamwa pafupifupi 400. Kuchuluka kumeneku kumaoneka kochepa, koma pa maola 24 kumatha pafupifupi maampu-ola 10, ndipo batire laling'ono la galimoto zoterezi silingapirire zimenezo masiku awiri kapena atatu n'kukhalabe ndi mphamvu yotembenuza injini. Kenako anayamba kuzula mafyuzi limodzi ndi limodzi, a m'boneti ndi a pansi pa dashibodi, maso ali pa mita, mpaka nambala inagwa pamene anazula fyuzi ya wailesi.

Atatsegula kuseri kwa wailesiyo, tinapeza chimene chinali gwero la zonse. Mawailesi ambiri a m'galimoto za ku Japan amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene nyumba zoulutsira mawu za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108, choncho galimoto ikangofika anthu amaikitsa kabokosi kakang'ono pa waya wa eriyo kuti wailesi izigwira masiteshoni athu, ngakhale nambala imene imaoneka pagalasi siigwirizana ndi ya siteshoniyo. Amene anaika kabokosi kanga, pamodzi ndi soketi yotchajira foni ndi kamplifaya kakang'ono, anazilumikiza zonse ku waya umene umakhala ndi moto nthawi zonse m'malo mwa umene umazima kiyi akachotsedwa. Mawaya anali ongopotokola ndi zala, okutidwa ndi tepi yakuda imene inali itayamba kale kumatuka ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo mkuwa wina unali pamtunda, chala chimodzi chokha kuchokera pachitsulo. Madala anandionetsa ndi nsonga ya sikuludiraiva n'kunena kuti, “Bwana, apa simunangotaya batire lokha ayi, mukanatha kutaya galimoto yonse ndi moto.” Anadula zonsezo, anawotcherera mawaya, anaveka timachubu tothina ndi kutentha, anasamutsira zipangizozo ku waya woyenera, ndipo soketi ya foni anaiikira fyuzi yakeyake. Atayezanso, mita inawerenga pansi pa mamiliampu 30.

Pa nkhani ya mafyuzi, galajayi ndi yosanyengerera, ndipo ine ndikugwirizana nayo kwathunthu. Fyuzi iliyonse ili ndi mtundu wosonyeza mphamvu yake: yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. M'bokosi langa anapeza yobiriwira pamalo a yabuluu, n'kuibwezera yoyenera. Chizolowezi choika fyuzi yaikulu, kapena kukulunga waya wamkuwa pa imene yapsa, n'chofala kwambiri pakati pa oyendetsa ma Sienta onyamula anthu chifukwa safuna kuima, komatu fyuzi ikapsa ndiye kuti yateteza mawaya, ndipo ikamapsa mobwerezabwereza pali pamene waya wakhudza chitsulo pofunika kupasaka.

Chimene ndinachikonda koposa, ngakhale sichinalembedwe pa mtengo, ndi mphindi zimene anatenga kundiphunzitsa kagwiritsidwe ka zinthu zimene buku la galimotoyo limafotokoza m'Chijapanizi chokhachokha. Batire likachotsedwa, windo la dalaivala nthawi zambiri limasiya kukwera lokha ukangodina kamodzi. Anandionetsa kuti umalitsitsa mpaka pansi, n'kulikweza mpaka kumwamba, n'kugwirabe batani m'mwamba kwa masekondi ochepa, basi lakumbukira. Mawu a mzimayi amene amalankhula Chijapanizi ukangoyatsa galimoto amachokera m'kachipangizo kotchedwa ETC, kolipirira misewu ya ku Japan, ndipo amangonena kuti khadi mulibe. Kuno kalibe ntchito ngakhale pa toll gate ya Chingeni, ndipo akhoza kukachotsa popanda kuwononga kanthu. Anandichenjezanso kuti mawailesi ena a Toyota amafuna khadi la SD la mapu kapena nambala yachinsinsi batire likachotsedwa, choncho khadi limenelo si lotaya kapena kufufuta kuti muikemo nyimbo. Kwa amene galimoto yawo imalira ndi batani, rimoti ikafooka simufunika kuitana munthu wothyola chitseko: mkati mwake muli kakiyi kachitsulo kotsegulira, ndipo mukagunditsa rimotiyo pa batani lolizira mutaponda buleki, injini imalira. Kabatire ka m'rimoti ndi kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri CR2032 kapena CR1632, ndipo nambala yake yalembedwa pamwamba pake.

Za mabatire amalankhula mosabisa. Sagulitsa okha, koma amakulemberani nambala yoyenera, monga 46B24L, n'kukufotokozerani kuti B24 ndi kukula kwake ndipo L kapena R ndi mbali imene matemino akhala, kuti musakagule limene mawaya sangafikire. Galimoto zimene zimazimitsa injini zokha pa maloboti zimafuna batire lamtundu wina, lokhala ndi nambala monga M-42, N-55 kapena Q-85, ndipo mukaikamo lawamba silichedwa kutha. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, batire lakhala katundu wofunika kumuganizira kawiri, choncho mmisiri amene wakupulumutsani kugula lina pamene lakale likadali labwino wakuthandizani zenizeni. Anatchulanso za mizere ya mafuta, pamene munthu amakhala maola ambiri wailesi ili chiyakire, foni ili patchaja, akuliza ndi kuzimitsa injini kuti asunthe pang'onopang'ono. Zimenezi zimamwa batire popanda kulipatsa mpata wodzaza, ndipo mankhwala ake ndi ulendo wautali ndithu kapena tchaja ya pakhoma, osati kungoliza injini pakhomo kwa mphindi zochepa.

Zofooka zilipo, ndipo zina ndi zowawa. Nthawi saisunga. Ntchito imene anati itha isanakwane nkhomaliro inatha dzuwa litapendeka, chifukwa madala ndi amene amayeza galimoto iliyonse, ndipo akamaitanidwa uku ndi uko yanu imangokhala boneti ili yasa. Malo odikirira palibe kupatula benchi imodzi pansi pa malata, fumbi la malole odutsa limakupezani pomwepo, ndipo mvula ikagwa bwalo limasanduka matope moti galimoto imatuluka yakuda kuposa mmene inalowera. Zipangizo sasunga zambiri. Babu la H4 la nyali zakutsogolo kapena relay wamba, kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi, amachita kutuma mnyamata pa kabaza, inu muli chidikirire. Mmodzi wa anyamatawo anathyola kapulasitiki kogwira chivundikiro cha pansi pa wailesi ndipo sananene, ndinachita kuzindikira chikugwedera m'mabampu a msewu wa ku Chirimba. Nditabwerera anakonza osalipiritsa, koma kubisako sikunandisangalatse. Risiti amalemba pokhapokha mwaipempha, ndipo chitsimikizo cha ntchito yawo ndi chapakamwa, chinthu chosayenera kwa galaja imene ntchito yake ndi yabwino chotere.

Mtengo wawo ndi wokwererapo poyerekeza ndi wa amisiri a m'mbali mwa msewu, makamaka chifukwa kuyeza kokhako amalipiritsa, kaya ndi kwa mita kapena kwa kompyuta imene amalumikiza pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero. Ena amaona ngati kulipira munthu asanakonze kanthu ndi kuberedwa, koma zonse zimene ndinalipira, kuyeza ndi kukonza pamodzi, sizinafike theka la mtengo wa batire limene ndinauzidwa kuti ndigule. Kompyutayo saitenganso ngati sing'anga: ikatulutsa nambala ya vuto, amakayeza sensa ndi mawaya ake kaye asananene kuti mugule ina, ndipo nyali ya injini sangoifufuta kuti kasitomala asangalale.

Pali ntchito zimene amakana, ndipo amanena poyera. Gasi wa AC sathira chifukwa alibe makina ake, ngakhale fani, relay ndi mawaya a kompresa amakonza. Pa galimoto za hybrid, zoyendera mafuta ndi magetsi, monga Aqua, Prius ndi Fit amagwira mbali ya mavolti 12 yokha, ndipo mawaya a mtundu wa lalanje, amene amanyamula mphamvu yokwanira kupha munthu, sawakhudza n'komwe. Galimoto zimene zinamira m'madzi, monga zija zinakhudzidwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amazilandira atachenjeza mwiniwake kuti dzimbiri la m'mapulagi limatulukira pang'onopang'ono, ndipo sangalonjeze kuti vuto lina silidzabwera.

Amene mukukonzekera kukayezetsa galimoto kuti mupeze COF, chiphaso chosonyeza kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kapena mukuopa chifunga cha chiperoni m'miyezi ya Juni ndi Julaye, galajayi imayendera nyali zonse, maindiketa, nyali za buleki, hutala, mawaipa ndi mawaya otenthetsa galasi lakumbuyo pa mtengo umodzi, ndipo imawongola nyali zakutsogolo poziunikitsa pakhoma kuti zisathobwe anzanu m'maso. Mababu a LED otsika mtengo oikidwa m'nyali zopangidwira mababu wamba amawaletsa, chifukwa amamwaza kuwala ponseponse m'malo mounikira msewu. Fikani m'mawa kwambiri pakati pa sabata, osati Loweruka. Tengani makiyi onse awiri ngati vuto likukhudza rimoti kapena alamu, nenani chilichonse chimene chinawonjezeredwa m'galimotomo, ndipo pemphani risiti yolembedwa ntchito imene yagwiridwa pamodzi ndi zipangizo zakale zimene achotsa.