Mawaya achitsulo, a seramiki kapena ma aligner: mwana wa sekondale mumuikitse ziti?

Makolo akangouzidwa kuti mano a mwana ndi othithikana, funso loyamba limakhala lakuti, "Adokotala, kodi palibe zowongolera mano zosaoneka?" Zilipo. Koma mkamwa mwa mwana wa zaka 13 si pa chithunzi cha pa Instagram.

Mawaya achitsulo ndi omwe aja mumawadziwa. Dokotala amamata kachitsulo kotchedwa bracket pa dzino lililonse, n'kudutsitsa waya, n'kumanga ndi timalabala. Amayamba ndi waya wofewa wa nickel-titanium, wolimba amabwera pambuyo. Mwana amakaonedwa pakatha milungu 4 mpaka 8, ndipo ambiri amamaliza pa miyezi 18 mpaka 24. Adani ake ndi chimanga chootcha, nzimbe, mtedza wokazinga ndi chingamu. Bracket ikamatuka, dzino limenelo lasiya kuyenda mpaka tsiku lokamatanso. Mwana waulesi ndi mswachi amadzatsala ndi timawanga toyera mozungulira pamene panali bracket, ndipo nthawi zambiri sitichoka.

A seramiki amagwira ntchito mofanana, kungoti ma bracket ake amafanana ndi mtundu wa dzino. Ndi okwera mtengo, amasweka msanga, timalabala take timachita chikasu ndi tiyi komanso kale wa mu ndiwo, ndipo akaikidwa mano am'munsi amatha kupala am'mwamba. Kwa mwana wosewera mpira, asiyeni.

Tsono ma aligner, monga Invisalign. Ndi timapulasitiki tooneka ngati galasi tovala pa mano, tosintha pa mlungu umodzi kapena iwiri. Kuti mano ayende, ayenera kukhala mkamwa maola 20 mpaka 22 pa tsiku. Werengani bwino: chakudya chonse cha tsiku, tiyi, kutsuka mano, zonsezo zikwane m'maola awiri mpaka anayi otsalawo. Mwana wa kusukulu yogonera konko amavula pa phala, n'kuvulanso pa mandasi a pa buleki, masana pa nsima ndi nyemba, madzulo pa Sobo wa mnzake. Kenako amachita manyazi kuvala anzake akuona, n'kuika m'thumba la yunifolomu. Kapena wakulunga mu tishu pambali pa mbale, wochotsa mbale n'kutaya.

Zotsatira zake sizioneka msanga, apa ndiye pamene pamapweteka. Mwana amasintha aligner nambala 7 kupita 8 monga mwa kalendala, koma mano anatsalira pa nambala 5. Pulasitiki imayamba kusiya kampata kunsonga kwa mano akutsogolo. Akamadzabwera pa holide, zotsalazo sizikulowa. Dokotala ayenera kujambulanso mkamwa, kuitanitsa zina kunja, ndipo mudikira milungu ingapo. Ngati pa mgwirizano sanalembe kuti zoonjezerazi zili kale mu mtengo, mulipiranso, pa mtengo wotsatira dola. Mawaya ali ndi zovuta zake, koma mwana sangawavule. Komanso mano akakhala opotoka kwambiri, kapena pakafunika kuzula ena kuti papezeke malo, waya amakoka muzu wa dzino bwino kuposa pulasitiki.

Ma aligner amapambana pa ukhondo, chifukwa munthu amavula n'kutsuka mano bwinobwino, ndipo sabaya masaya. Kwa wamkulu wodzisunga, kapena mtsikana wa Fomu 4 amene wachita kupempha yekha, ndi abwino. Kwa ena onsewo ine ndimati chitsulo.

Musankhe chilichonse, pali ndalama imodzi imene imakonda kubisala: retainer. Mawaya akachoka, mano amafuna kubwerera kumene anachokera, makamaka am'munsi akutsogolo. Retainer ya pulasitiki kapena kawaya komata kuseri kwa mano ndi kamene kamawagwira, ndipo kuvala usiku si kwa miyezi itatu ayi, ndi kwa zaka. Ya pulasitiki imang'aluka, imapindika ikatsukidwa ndi madzi otentha, galu amaitafuna.

Musanapereke dipoziti, dokotala akulembereni papepala mtengo wa izi: ma ekisire, kuzula mano ngati kulipo, kumatanso bracket yomatuka, aligner yotayika, retainer yoyamba ndi yachiwiri. Funsaninso ngati masiku okamangitsa waya angagwirizane ndi midi temu ndi holide, chifukwa temu yonse osaonedwa imatalikitsa chithandizo ndi miyezi.