Nkhalango yanga ya bald cypress patatha miyezi 21

Mwezi uno wa Novembala masamba a mitengo yanga ya bonsai, mitengo yoleredwa mumphika kapena m'bokosi kuti ikhale yaing'ono, afiira ngati dzimbiri ndipo ayamba kuyoyoka. Bald cypress, amene akatswiri a zomera amamutcha Taxodium distichum, ali ndi timasamba tosongoka ngati ta paini, koma iye amayoyola tonse nyengo yozizira ikafika. N'chifukwa chake anamupatsa dzina la bald, kutanthauza wadazi. Nthambi zikakhala poyera chonchi palibe chobisika, zimene ndinachita bwino ndi zimene ndinalakwitsa zonse zikuoneka, choncho ino ndiyo nthawi yabwino yoti ndikuuzeni mmene zayendera.

Mitengoyi ndinaikumba mu Febuluwale chaka chatha m'dambo lina kumwera kwa Louisiana ku America, isanayambe kuphukira. Malowo ndi a munthu amene anandilola kukumba. Musalowe m'dambo la eni kapena la boma popanda chilolezo, ngakhale mitengoyo ioneke yochuluka bwanji. Kukumbako sikunavute kwenikweni. Ndinazunguliza sowo m'matope, n'kudula muzu waukulu wolowa pansi, mtengo n'kuzuka. Kunyumba ndinatsuka matope onse ndi madzi, ndinadula kunsi kwa tsinde kuti kukhale kosalala, kenako ndinafupikitsa mathunthu. Waukulu ndinaudula pa masentimita 75. Yonse inalipo 9: umodzi wonenepa ngati mkono, itatu yapakati, ndi isanu yowonda ngati chala.

Cholakwa changa chachikulu chinachitika sabata yomweyo. Ndinaidzala yonse pamodzi m'bokosi lathabwa losazama, m'miyala yopepuka ya pumice yosakaniza ndi makungwa a paini, chifukwa ndinkafunitsitsa kuona nkhalango msanga. Anthu odziwa amalangiza kuti mtengo wokumbidwa kuthengo uyambe wakhala chaka chathunthu mumphika wakewake mpaka uchire. Malangizowa ndinali nditawamva, koma ndinadalira mbiri ya mtengowu yakuti sufa wamba.

Mbiriyo ndi yoona, koma ndi yoona pa mitengo ikuluikulu. Pofika Epulo waukulu uja unali utatulutsa mphukira thunthu lonse, makamaka pafupi ndi pamene ndinadula, zochuluka moti ndinkachita kuthothola ndi zala. Yapakati inatsatira. Yowonda ija ndiyo inavutika. Umodzi sunaphuke n'komwe. Wina unaphuka bwino, koma unali kumbuyo, ndipo pofika Juni mthunzi wa anzake unauphimba. Unangotsala ndi timasamba towerengeka kunsonga, mu Ogasiti n'kuuma. Zinandipweteka mtima, chifukwa unali ndi kupindika kokongola kumene sindinakupezenso pa mtengo wina.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene chimapangitsa kuti mitengo yochepa m'bokosi ioneke ngati nkhalango. Poyamba maso anga onse anali pa waukulu, tsinde lake lotambalala ndi khungwa lake. Koma diso limanyengedwa ndi timitengo tating'ono takumbuyo. Ndito timachititsa munthu kuganiza kuti nkhalangoyo ikupitirira mpaka kutali. Tiwiri tija titafa, kumbuyo kunatsala mpata, ndipo zonse zinangooneka ngati mitengo yoimikidwa pamodzi. Ndakhala ndikuyang'ana zithunzi za Goshin, nkhalango ya mitengo 11 ya juniper imene katswiri wa bonsai John Naka anapanga, yomwe ili ku National Bonsai and Penjing Museum ku Washington. Kale ndinkangosirira mtengo wautali. Tsopano ndimayang'ana yaifupi, mmene inasiyanirana msinkhu ndi mmene uliwonse unapatsidwira malo ake olandirira dzuwa.

Ntchito yeniyeni ya miyezi yonseyi yakhala yoletsa yamphamvu kuti yofooka ipume. Bald cypress amathamangitsira mphamvu zonse kunsonga. Mukangomusiya masabata ochepa m'chilimwe, nthambi zapamwamba zimanenepa kuposa zapansi, zapansizo n'kuyamba kufota. Chaka chachiwirichi ndakhala ndikudulira nsonga za mitengo ikuluikulu pafupipafupi, yowondayo osaikhudza n'komwe, ndiponso kutembenuza bokosi sabata iliyonse kuti kumbuyo nako kuone dzuwa. Itatu yowonda yotsalayo yalimba, ndipo umodzi wayamba kutambalala kutsinde.

Za waya ndichenjeze. Nthambi zatsopano zimakula molunjika kumwamba, ndiye pamafunika kuziweramitsa zikadali zanthete. Koma zimanenepa msanga kwambiri moti waya amene ndinakulunga mu Meyi anali atalowa kale m'khungwa pofika kumapeto kwa Juni. Nthambi ziwiri zili ndi zipsera mpaka lero. Tsopano m'chilimwe ndimaona waya sabata iliyonse.

Madzi sanandivutitse. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala bokosi limakhala m'thireyi ya madzi osazama, chifukwa kutentha kwa kuno kumaumitsa dothi losazama tsiku lisanathe. Mtengowu umapirira madzi odikha amene angawoletse mizu ya mitengo ina yambiri. Kukazizira ndimalichotsamo n'kumathirira monga mwa nthawi zonse.

Ambiri amandifunsa za maondo, timitu tija timene timatuluka m'mizu n'kuima pamwamba pa madzi m'madambo. Anga palibe ngakhale limodzi, ndipo sindikuwayembekezera posachedwa. Aliyense amene akuyamba ntchitoyi chifukwa cha maondo adzagwa mphwayi. Chimene chabwera msanga ndi mizu. Yadzaza bokosi lonse n'kulukana moti nditayesa kunyamula thunthu limodzi, nkhalango yonse inadzuka ngati mphasa imodzi.

Bala la pamwamba pa mtengo waukulu ndinalisema mopendekeka kumayambiriro kwa chaka chino, nthambi imene ndinaisankha kukhala mutu watsopano itanenepa. Likutsekeka, koma litenga zaka zingapo. Mtengo umenewu ndikufuna udzakhale ndi mutu wathyathyathya monga imakhalira mitengo yokalamba m'madambo, kapangidwe kamene Vaughn Banting wa ku New Orleans anakatchukitsa pa bonsai. Inayo ikhala yosongoka ngati mitengo yaing'ono imene ikulimbirana dzuwa. Kusiyana kumeneku ndinakuona ndi maso anga tsiku limene ndinkakumba, ndipo ndi kumene ndikufuna kubweretsa m'bokosi.

Ngati mukufunsa ngati ndingabwerezenso, inde, ndi mtima wonse. Pa mitengo yokumbidwa kuthengo, sindinagwirepo wina wobweza msanga ntchito ya manja ngati uwu. Koma ndingakumbe yowonda yambiri kuposa imene ndikufuna, ndipo uliwonse ungayambe wakhala chaka pawokha. Ndi zimene ndachita ulendo uno. Mu Febuluwale wapitayu ndinabwerera kudambo kuja n'kukumba inayi yowonda, uliwonse mumphika wake, padzuwa. Yonse inayi ili moyo ndipo mizu yayamba kutulukira kunsi kwa miphika. Febuluwale akubwerayu, posamutsira nkhalangoyi mumphika wake weniweni, iwiri idzalowa mumpata wakumbuyo uja kuti ibwererenso pa 9. Iwiri inayo ikhalabe m'miphika yake chaka china, kudikira ngati pangadzafunike wolowa m'malo.