Mafilimu a mbiri yakale kapena a milandu yeniyeni: oyamba kuonera ndi ati?

Kwa munthu wa ku Chitakale kapena ku Luchenza amene bandulo yake ya intaneti ndi yowerengeka, kusankha pakati pa mitundu iwiri ya mafilimu a zochitika zenizeni si nkhani yaing'ono.

Mafilimu a milandu, omwe ambiri amachokera ku America ndi ku Britain, amakoka mtima msanga, chifukwa amatsata wapolisi, mboni ndi woweruza mpaka chigamulo. Vuto lake ndi lakuti nthawi zambiri amatalikitsidwa mwadala m'zigawo zambirimbiri, ndipo mabanja a ophedwa amangotchulidwa modutsa.

Mafilimu a mbiri yakale amayenda pang'onopang'ono, komabe kwa ife a kuno kum'mwera amakhudza nthaka yomwe timaponda tsiku ndi tsiku. Mukaonera kanema wofotokoza kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, mumamva za thangata, ntchito yokakamiza yomwe anthu ankagwira m'minda ya azungu m'malo mwa lendi ya malo okhala, ndipo mumakumbutsidwa kuti iye anaphedwera kufupi ndi Mulanje pa 3 February chaka chomwecho, akuthawira ku Mozambique. Zipolowe za ku Thyolo za mu 1953 nazo zinali ndi mizu m'nkhani ya malo yomweyi, yomwe mpaka lero sinazilale m'midzi yozungulira minda ya tiyi.

Ine ndingayambe ndi a mbiri. Wofuna zonse ziwiri nthawi imodzi afufuze pa YouTube za imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983, pakuti pamenepo mlandu ndi mbiri ya dziko zinakumana.