Ulendo wa pagulu wa ku Dwarka ndi Somnath: sitima, galimoto yahayala kapena kampani?

Mabanja ambiri a Chihindu amene amakhala ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa dziko la India, n'chifukwa chake gulu likagwirizana zosonkherana ndalama kuti likapembedze kwawo kwa makolo, malo amene amayamba kutchulidwa ndi Dwarka ndi Somnath. Za ndege palibe zambiri zokambirana, popeza kuchokera pabwalo la Kamuzu kapena la Chileka anthu amadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kukatera ku Mumbai, ndipo mtengo wa tikiti umatengera nyengo komanso kufulumira kwanu pogula. Pamene msungichuma wa gulu angasunge ndalama kapena kuzimwaza ndi mkati mwa India momwemo, pa kayendedwe ndi pa malo ogona.

Malowa anatalikirana. Kuchokera ku Ahmedabad, mzinda waukulu wa ku Gujarat, kukafika ku Dwarka, kumene kuli kachisi wa Dwarkadhish woperekedwa kwa mulungu Krishna, pali makilomita pafupifupi 440. Pafupi ndi Dwarka pali kachisi wa Nageshwar, makilomita osakwana 20, ndiponso chilumba cha Bet Dwarka, chimene kale anthu ankafikako pa boti kuchokera ku Okha, koma kuyambira mu February 2024 galimoto zimawoloka pamlatho wa Sudarshan Setu. Kuchoka ku Dwarka kutsata gombe la nyanja kudzera ku Porbandar, kwawo kwa Mahatma Gandhi, mumayenda makilomita pafupifupi 230 kuti mufike ku Somnath, kachisi wa mulungu Shiva amene anamangidwanso mwakhama la mtsogoleri wandale Sardar Vallabhbhai Patel n'kutsegulidwa mu 1951. Kubwerera ku Ahmedabad ndi makilomita ena pafupifupi 400. Ulendo wonsewu ukhoza kukwana m'masiku asanu kapena asanu ndi limodzi.

Poyang'ana mtengo wa tikiti wokha, palibe njira imene ingapose sitima. Sitima ya Saurashtra Mail imanyamuka ku Mumbai Central n'kudutsa ku Ahmedabad, Rajkot ndi Jamnagar mpaka ku Dwarka ndi Okha, kotero gulu lotera ku Mumbai silifunikira kulipira ndege ina ya mkati mwa dzikolo. Mabogi otchedwa Sleeper, amene alibe makina oziziritsa mpweya, ndiwo otsika mtengo kwambiri, pamene a 3A, amene ndi ozizira ndipo amapereka nsalu zoyala, pilo ndi bulangete, mtengo wake umaposa kuwirikiza kawiri. Phindu lina limene anthu amaiwala powerengera ndi lakuti usiku umene mwagona m'sitima simulipira chipinda, ndipo kwa anthu 20 zimenezo ndi zipinda zingapo zimene zachoka pa bajeti.

Vuto la sitima lagona pa kagulidwe ka matikiti. Kuyambira pa 1 November 2024, matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60 kuti sitima inyamuke, osatinso 120 monga kale, ndipo m'nyengo ya zikondwerero malo amatha msanga. Tikiti imodzi imalola anthu osaposa 6, zomwe zikutanthauza kuti gulu la anthu 20 likufunika matikiti anayi, ndipo kompyuta ikhoza kumwaza anthuwo m'mabogi osiyanasiyana: agogo m'bogi iyi, mdzukulu wowanyamulira mankhwala m'bogi inayo. Mabedi ake ndi osanjikizana atatu, ndipo munthu wa zaka 70 wodwala maondo sangakwere la pamwamba. Pogula muyenera kulemba zaka zenizeni za aliyense ndi kupempha bedi la pansi, chifukwa pali mabedi a pansi amene amasungidwira abambo a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi amayi a zaka 45 kupita m'tsogolo, ngakhale kuti sakwanira onse. Musawerengere za mtengo wotsitsidwa wa okalamba umene achibale ena amaukumbukira, popeza unaimitsidwa mu March 2020. Ana osakwana zaka 5 salipira ngati sakufuna bedi lawolawo, koma mwana wa zaka 5 mpaka 11 akapatsidwa bedi amalipira ngati wamkulu.

Matikiti a mwadzidzidzi otchedwa Tatkal, amene amagulitsidwa kutatsala tsiku limodzi, si odalirika kwa gulu lochokera kunja. Amalola anthu anayi okha pa tikiti, amakwera mtengo, ndipo kuyambira mu July 2025 kuwagula pa intaneti kumafuna chitupa cha anthu okhala ku India chotchedwa Aadhaar, chimene mlendo alibe. Malo osungidwira alendo akunja alipo ndithu, ndipo amagulidwa miyezi yambiri ulendo usanachitike, koma pa intaneti amapezeka m'mabogi apamwamba okwera mtengo, zimene zikuchotsa cholinga chenicheni chosankhira sitima. Njira imene imagwira ntchito ndi kupeza wachibale wodalirika ku Gujarat kapena ku Mumbai amene angagule matikiti pa tsiku loyamba lenilenilo, ali ndi maina olembedwa monga alili mu pasipoti.

Palinso mbali imodzi imene sitima imagonja. Pakati pa Dwarka ndi Somnath njanji sitsata gombe, koma imakhotera kumtunda kudzera ku Jamnagar, Rajkot ndi Junagadh, kotero mtunda umene galimoto imamaliza m'maola anayi kapena asanu sitima imautenga usiku wonse, ndipo Porbandar simuionako.

Galimoto yahayala, imene kumeneko amaitcha Tempo Traveller ikakhala ya mipando 12 kapena 17, ndiyo imakopa magulu ambiri, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Gulu limakhala pamodzi, limaimba nyimbo zake zachipembedzo m'njira, limaima pamene agogo apempha chimbudzi, ndipo masutikesi olemera a pandege sakwezedwa masitepe a pasiteshoni. Chachikulu n'chakuti mumatha kuyendera nthawi za akachisi. Wa Dwarkadhish amatsekedwa masana kuyambira cha m'ma 1 koloko mpaka 5 koloko, pamene ku Somnath mwambo wa aarti, umene ansembe amazunguza nyali pamaso pa mulungu kwinaku ng'oma ndi mabelu zikulira, umachitika 7 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 7 koloko madzulo. Amene ali ndi galimoto yawo akhoza kuchita darshan, kumene ndi kukaonekera pamaso pa mulungu m'kachisi, ku Dwarka m'mamawa, kudya nkhomaliro ku Porbandar, n'kufika ku Somnath dzuwa lisanalowe.

Koma mtengo umene mwini galimoto amatchula pafoni si umene mudzalipire pomaliza. Amawerengera pa kilomita, komabe amaika malire a makilomita ochepetsetsa pa tsiku, kawirikawiri 250 kapena 300, oti mulipire ngakhale galimotoyo itakhala tsiku lonse pamthunzi. Taonani mmene masamu ake amayendera. Ulendo wonse wozungulira kuchokera ku Ahmedabad, kuphatikiza Nageshwar ndi Bet Dwarka, ndi makilomita pafupifupi 1,150. Mukaumaliza m'masiku anayi, mwalipira pafupifupi zimene mwayenda, koma anthu afika kwawo atathodwa ndipo kupembedza kwakhala kothamanga. Mukauchita m'masiku asanu ndi limodzi pa malire a 300, mukulipira makilomita 1,800, kutanthauza kuti makilomita oposa 600 mwalipira osawayenda. Tsiku lililonse limene mwakhala pansi kuti mupemphere mofatsa, galimoto ikudya ndalama. Pamwamba pa izi pali alawansi ya dalaivala ya tsiku ndi tsiku, ndalama zoimikira galimoto pa akachisi, ndi za pazipata za msewu zofanana ndi cha pa Chingeni, kungoti kumeneko n'zambiri. Zonsezi zilembedwe pa pepala musanapereke dipoziti. Dziwaninso kuti galimoto ya mipando 17 sinyamula bwino anthu 17 amene ali ndi katundu wa pandege, pokhapokha ikhale ndi kariyala pamwamba. Ine ndimawerengera anthu 13 kapena 14.

Kukula kwa gulu kumasintha zonse pa njira iyi. Anthu 14 m'galimoto imodzi amagawana mtengo bwino lomwe, koma anthu 19 amafunika galimoto ziwiri zosadzaza kapena basi yaikulu ya mipando yambiri yopanda anthu, ndipo pamenepo mtengo wa munthu mmodzi umalumpha. Pa sitima, munthu wa nambala 19 amalipira chimodzimodzi ndi woyamba.

Mabasi aboma a GSRTC ndi otsika mtengo ndipo amafika paliponse, koma ndi oyenera achinyamata awiri kapena atatu onyamula zikwama za kumsana, osati gulu lokhala ndi okalamba.

Njira yachitatu ndi kugula ulendo wokonzedwa kale. Kampani ya boma ya IRCTC imayendetsa sitima zapadera zotchedwa Bharat Gaurav, ndipo mtengo wake umaphatikiza sitima, chakudya chopanda nyama, malo ogona ndi mabasi opita ku akachisi. Kulinso makampani ang'onoang'ono ambiri ku Ahmedabad ndi Rajkot amene amagulitsa ulendo wa Dwarka ndi Somnath. Ubwino wake ndi woti msungichuma amadziwa chiwerengero chimodzi, amachigawa kwa anthu, nkhani yatha, ndipo palibe wapampando amene akuthamangathamanga kufunafuna zipinda usiku. Kwa gulu lopanda wachibale ku India kapena lopanda munthu wolankhula Chigujarati kapena Chihindi, mtendere umenewo ndi woyenera kuulipira. Kuipa kwake n'kwakuti sitima zapaderazi zimanyamuka pa masiku ake ndi m'mizinda yake, ndiye kuti tikiti ya ndege iyenera kutsata sitima, osati kutsata mtengo wotsika. Ndondomeko yake imakhala yodzaza akachisi ambiri, ndipo amene anasunga ndalama zaka zingapo kuti akasambe mumtsinje wa Gomti ku Dwarka ndi kukhala phee kwa Dwarkadhish akhoza kuuzidwa kuti basi ikunyamuka. Pa makampani ang'onoang'ono funsani ngati msonkho wa GST uli kale mu mtengo, ngati chipinda ndi cha anthu awiri kapena atatu, ndi kuti ndalama zimabwezedwa bwanji ndege ikachedwa.

Pa malo ogona mpikisano uli pakati pa hotela ndi dharamshala, nyumba zogona opembedza zimene zimayendetsedwa ndi mabungwe a akachisi kapena a mitundu ya anthu. Bungwe la Shree Somnath Trust lili ndi nyumba zake monga Lilavati ndi Maheshwari, zotsika mtengo, komanso Sagar Darshan yoyang'ana kunyanja imene ndi yodulirapo, ndipo zipinda zimasungitsidwa pa intaneti. Ku Dwarka ma dharamshala ndi ambiri. Zipinda zina zimalowa anthu anayi kapena asanu, madzi osamba mumatunga m'ndowa, ndipo zina zilibe chikepe chokwerera m'mwamba, choncho pemphani zipinda za pansi za okalamba. Chofunika kufunsa musanalipire ndi ichi: lamulo la India limafuna kuti malo ogona alembetse mlendo aliyense wa pasipoti yakunja pa fomu ya boma imene ambiri amaidziwa kuti Form C, ndipo ma dharamshala ena amene sachita zimenezi amakana alendo otere pakhomo penipeni. Mahotela ambiri alibe vutoli, ndipo gulu lotenga zipinda zambiri likhoza kunenerera mtengo. Pa chakudya musadandaule, pakuti mbale ya thali ya ku Gujarat, ya roti (chapati), dal (msuzi wa mphodza), mpunga ndi ndiwo zamasamba, m'malo ambiri amakuonjezerani mpaka mutakhuta pa mtengo umodzi.

Nyengo nayo imatha kugubuduza masamu onsewa. Pa chikondwerero cha Janmashtami, chokumbukira kubadwa kwa Krishna, ku Dwarka, ndiponso m'mwezi wa Chihindu wa Shravan ndi pa chikondwerero cha Shiva cha Maha Shivaratri ku Somnath, zipinda zimasowa ndipo mitengo imakwera. Mu April ndi May kumtunda kwa Gujarat kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo bogi ya Sleeper siyeneranso okalamba. Kuyambira November mpaka February kumakhala bwino, bola mupewe masabata a Diwali ndi tchuthi cha kumapeto kwa December.

Kwa gulu la anthu 12 mpaka 20 lokhala ndi wachibale ku India, ine ndingasakanize njira ziwiri zoyambazo. Ndingakwere sitima ya usiku kupita ku Dwarka, okalamba mu 3A ndipo achinyamata mu Sleeper ngati afuna kusunga ndalama. Ku Dwarka ndingagone pafupi ndi kachisi poti n'kuyenda pansi, n'kuchita hayala galimoto ya komweko tsiku limodzi lokha la Nageshwar ndi Bet Dwarka. Kenako ndingachite hayala ina yopita ku Somnath kudzera ku Porbandar, podziwa kuti dalaivala adzawerengera ndi makilomita obwerera wopanda anthu, ndipo pomaliza ndingakwere sitima ya usiku kuchokera ku Veraval, makilomita ochepa kuchokera pakachisi, kubwerera ku Ahmedabad. Galimoto yahayala ya ulendo wonse imapambana pokhapokha gulu likudzaza galimoto imodzi ndendende ndipo lili ndi masiku anayi okha, kapena muli odwala angapo osatha kukwera masitepe.

Amene si Ahindu koma akuperekeza anzawo adziwe kuti ku Somnath amafunika kupempha chilolezo ku ofesi ya bungwe loyang'anira kachisiyo asanalowe. M'akachisi onse awiri akuluakulu mafoni ndi makamera salowa, amasiyidwa posungira katundu panja, kotero gulu ligwirizane malo ndi nthawi yokumanirana lisanalowe pamzere. Ku Dwarkadhish khomo la kumtsinje lili ndi masitepe 56, ndipo okalamba ndi bwino alowere khomo la kumsika. Popeza ndalama zakunja n'zovuta kupeza m'mabanki a kuno, yambani kupempha miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo msungichuma asunge marupi a pamanja okwanira, chifukwa njira ya UPI imene amalonda ambiri kumeneko amalandirira ndalama pafoni kawirikawiri imafuna akaunti ya banki ya ku India.