Saw palmetto, pygeum, African potato ndi nthanga: zimene ndaona pa vuto la prostate

Madoda anzanga amene mumadzuka kanayi usiku kukataya madzi, mkodzo n'kumangodontha, tulo osabweranso mpaka atambala kulira, ndikudziwa mmene zimatopetsera. Nthawi zambiri zimenezi zimabwera chifukwa cha kukula kwa prostate, kachiwalo ka amuna kozungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo. Ine zinandiyamba ndili ndi zaka 58, ndipo ndinazungulira m'mafamase a muno mu Chipata ndi kwa ogulitsa zitsamba ku Saturday Market kufunafuna thandizo.

Choyamba chimene ogulitsa amakusonyezani ndi saw palmetto, wochokera ku zipatso za kanjedza wamfupi wa ku Florida. Ndiye wotchuka, mtengo wakenso ndi wokwera. Ndinamwa mabotolo awiri koma sindinaone kusintha. Mu 2006 ku America anayesa amuna 225 kwa chaka chathunthu, ena akumwa saw palmetto, ena mapiritsi opanda mankhwala, ndipo magulu awiriwo sanasiyane. Mu 2011 anabwereza ndi amuna 369, mlingo n'kuukweza mpaka katatu, zotsatira n'kukhala zomwezo. Ndalama zanu musataye pamenepa.

Pygeum ndi wathu wa mu Africa muno: makungwa a mtengo wa Prunus africana, womera m'nkhalango za m'mapiri. Anthu anausenda kwambiri ku Cameroon ndi ku Madagascar, moti kuyambira 1995 malonda ake amalamulidwa ndi pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama kuti zisathe chifukwa cha malonda. Mu 2002 bungwe la Cochrane, lofufuza umboni wa zachipatala, linaunika kafukufuku 18 wa amuna 1,562, ndipo linapeza kuti kudzuka usiku kunachepa ndi 19 peresenti, mphamvu ya mkodzo n'kuwonjezeka ndi 23 peresenti. Chondidetsa nkhawa n'chakuti kafukufuku wambiri anali wa miyezi iwiri yokha, pamene vutoli munthu amakalamba nalo.

African potato tonse timamukumbukira, ankagulitsidwa paliponse ma ARV asanafike. Muli mankhwala achilengedwe otchedwa beta-sitosterol, amene pa kafukufuku anayi wa amuna 519 anathandiza mkodzo kutuluka bwino. Koma anayesawo ndi mankhwala oyengedwa, a mlingo wodziwika, osati tsinde lowiritsa mumphika kunyumba. Ndipo amene muli pa ma ARV, chonde musamwe musanauze adokotala, chifukwa akhoza kusokoneza mankhwala anu.

Nanga nthanga za maungu, zomwe amayi a ana amayanika pa lichero chaka ndi chaka? Ku Germany anayesa amuna 1,431 kwa miyezi 12. Amene ankadya magalamu 5 a nthanga kawiri pa tsiku anapezako bwino kuposa omwa mapiritsi opanda mankhwala, koma makapisozi opangidwa ndi nthangazo sanawapose. Ndinene chilungamo, odya nthangawo ankadziwa chimene akudya, ndiye maganizo nawo akhoza kuti anathandizira. Ngakhale zili choncho, mwa zinayi zonsezi nthanga ndi zimene ndingauze mbale wanga kuti ayese. N'chakudya, n'zotsika mtengo, ndipo zili m'munda mwathu momwemo.

Chimene ogulitsa sanandiuze ndi ichi: palibe chilichonse mwa izi chimene chinatsimikizika kuti chimaphwetsa prostate. Wophwetsa ndi finasteride, mankhwala a kuchipatala, ndipo amafuna miyezi ngati 6 kuti muone kusintha. Tamsulosin, wa kuchipatalanso, saphwetsa, amangomasula minofu yopanikiza njira ya mkodzo, koma amathandiza m'masiku ochepa, ngakhale ena amamva naye chizungulire akaimirira msanga.

Ine ndinataya chaka chathunthu chifukwa cha manyazi opimidwa ndi chala kumbuyo. Khansa ya prostate, imene imagwira amuna ambiri kuposa khansa ina iliyonse mu Zambia, imatha kubisala kuseri kwa zizindikiro zomwezi, ndipo chitsamba sichingakuuzeni ngati muli ndi khansa kapena prostate yangokula chabe. Pitani ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, akakupimeni ndi kuyeza m'magazi PSA, chinthu chochokera ku prostate chimene chimatha kukwera pakakhala khansa. Mkodzo ukatsekeratu kapena mukaonamo magazi, nyamukani tsiku lomwelo akakuikeni kapaipi kapena kukupimani, impso zisanawonongeke.

Panopa ndimamwa tamsulosin, tiyi wamadzulo ndinasiya, ndipo m'mawa ndi madzulo ndimatafuna nthanga zokazinga. Usiku ndimadzuka kamodzi, nthawi zina kawiri.