Chikalata cha ANACS, rattler wa PCGS kapena fatty wa NGC: muyambe ndi chiti?

Anzanga osonkhanitsa ndalama zachitsulo, ambirife tafika posirira kabokosi ka pulasitiki mofanana ndi ndalama yomwe ili m'katimo. Ine sindikuona cholakwika, chifukwa mbiri yonse ya kayezedwe ka ndalama ili pa timabokosi timeneti, tomwe makampani oyeza ndalama amatsekeramo ndalama akaiyeza, ndipo timatitcha ma slab.

Manambala a 1 mpaka 70 omwe timawerenga pa slab, osonyeza giredi kapena kuti ubwino wa ndalamayo, anachokera kwa William Sheldon, amene mu 1949 anawakonzera masenti akuluakulu a ku America a zaka za 1793 mpaka 1814. Koma nambala popanda woitsimikizira ndi mkangano basi: wogulitsa ati 65, wogula ati 60.

Bungwe la osonkhanitsa ndalama ku America, la American Numismatic Association, linakhazikitsa nthambi yotchedwa ANACS mu 1972, poyamba kuti izingonena ngati ndalama ndi yeniyeni kapena yachinyengo. Kupereka giredi kunayamba mu 1979. Sankamata ndalama m'pulasitiki ayi. Ankakupatsa chikalata chokhala ndi chithunzi cha mbali zonse ziwiri, ndipo mbali iliyonse inali ndi giredi yake, monga 63/65. Vuto lake n'loonekeratu: ndalama ili payokha, pepala lili palokha, ndiye munthu wosakhulupirika akhoza kusinthanitsa. Mukagula chikalata chotere, khalani pansi ndi galasi lokulitsira zinthu, mufananize kachipsera kalikonse ndi chithunzicho. Kwa wokonda mbiri, muzu wake ndi umenewu.

Rattler ndiye wapamtima wanga. Ndi kabokosi koyamba ka PCGS, kampani yoyeza ndalama yomwe David Hall ndi anzake anayambitsa mu 1986, ndipo kanagwira ntchito mpaka 1989. N'kakang'ono, kopepuka, kapepala kake kobiriwira kosindikizidwa ndi makina akale aja olemba ndi timadontho. Mulibe mphira wogwira ndalama, choncho mukakagwedeza pafupi ndi khutu mumamva kuti gwedegwede, n'chifukwa chake anakapatsa dzinali. Wanga woyamba anali ndi dola yasiliva ya ku America yotchedwa Morgan, ya 1881-S, mutu wojambulidwa pa ndalamayo utatembenukira cham'mbali, ndipo ndinatha madzulo onse ndikugogoda pakona ndi chala kuti uwongoke. Kusuntha kumeneku si kwabwino kwa ndalama, tisabisane. Komanso ma rattler achinyengo anatulukira cha mu 1989, zomwe zinakakamiza PCGS kusintha kapangidwe, mpaka kunabwera kabokosi ka doily, ka pepala lokhala ngati nsalu yoluka, kenako ma green holder, a pepala lobiriwira, a m'ma 1990. Muziona bwino zilembo ndi msoko wa m'mbali musanalipire.

NGC, kampani inanso yoyeza ndalama, inayamba mu 1987 ku Parsippany, New Jersey, pansi pa John Albanese. Kabokosi kake koyamba kanali kakuda m'kati ndipo sikanakhalitse; lero n'kosowa kwambiri, mtengo wake si wa munthu wongoyamba kumene. Komwe tingakwanitse ndi fatty, koyera, kokhuthala, kolemera m'manja. Kamagwira ndalama zolimba kuposa rattler, ndipo siliva wokhalitsamo nthawi zambiri amachita utoto wagolide kapena wabuluu m'mphepete, womwe ena amaufuna dala. Choipa chake, holagalamu, chizindikiro chonyezimira chakumbuyo, imakandika msanga, makamaka pomwe ogulitsa anamatapo mtengo n'kudzamatula.

Pali mawu omwe mudzamva kwa wogulitsa aliyense, akuti kale ankayeza mokhwimitsa, ndiye ndalama ya m'kabokosi kakale ikapimidwanso giredi ikwera. Muli choona ndithu. Koma kwa zaka zoposa 30 anthu akhala akuswa timabokositi n'kutumizanso ndalama zomwe ankaona kuti zikwera, moti zambiri zotsala zinadutsa kale m'maso mwa akatswiri n'kusiyidwa. Kuswako ndi komwenso kwachepetsa timabokosi. Ngati mukufuna umboni woti giredi ndi yotsika kuposa yoyenera ndalamayo, funani chomata chagolide cha CAC, kampani younikanso magiredi yomwe Albanese yemweyo anayambitsa mu 2007, osati mawu a pakamwa.

Kwa amene akuyamba, ine ndingati rattler wa dola ya Morgan wamba, giredi 63 kapena 64, wopanda mng'alu pakona. Fatty adze pambuyo pake. Chikalata cha ANACS mugule pokhapokha mwaona ndalama ndi chithunzi chake zili pamodzi patsogolo panu.