Chiwawu cha nzimbe: kupopera kapena kusintha mbewu?

Anzanga atatu andifunsa funso lomweli mwezi uno, ndiye ndingoyankha kamodzi onse amve.

Musanatulutse ndalama, tembenuzani tsamba n'kupukuta kunsi kwake ndi chala. Chala chikabwera ndi fumbi lofiirira ngati mwagwira khasu ladzimbiri, ndi chiwawu chobwera ndi fangasi yotchedwa Puccinia melanocephala. Imakonda nzimbe zanthete, za miyezi 2 mpaka 6, nyengo yozizira pamene mame amachedwa kuuma. Fumbi likakhala la mtundu wa lalanje, ndi mbale wake Puccinia kuehnii, wa nyengo yotentha ndi yachinyontho, amene sasiya ngakhale nzimbe zokulirapo. Chala chikabwera choyera, mwina mawangawo ndi a matenda ena, musathamangire botolo.

Ine ndinathamangira. Wogulitsa anandipatsa mankhwala osakaniza azoxystrobin ndi cyproconazole, nati vuto latha. Kugwira amagwiradi, sindinganame. Chimene sanandiuze n'chakuti amateteza masamba amene akadali abwino, tsamba lopsa kale silibwereranso. Ine ndinapopera munda utafiira kale mpaka kumtunda, ndiye ndinkangosambitsa maliro. Sanandiuzenso kuti mphamvu yake imatha pakapita masabata ochepa, ndipo nyengo ikapitiriza kukomera fangasiyo mufunika botolo lina.

Ulendo wachiwiriwo ndi umene ndimaukumbukirabe. Nzimbe zinali zitandipitirira msinkhu, mizere itatsekana. Ndinalowa ndi mpope kumsana, masamba akundicheka m'manja ndi m'khosi, ndikakweza kamtengo kopoperako mankhwala n'kumandibwerera kumaso. Masamba apamwamba, amene ndinkafuna kuteteza, sindinawafike n'komwe. Titadula, zophukira zinadwalanso chaka chotsatira, poti chitsa n'chomwecho. Mtengo weniweni wa kupopera ndi umenewo: mumalipira chaka ndi chaka mpaka mutazula mundawo.

Mbewu yopirira imapweteka kamodzi, pogula ndi pobzala, kenako mumaiwala. Gawo limene ndinabzalamo mbewu yotero lagundizana ndi munda wodwalawo, mphepo imodzi, mame amodzi, koma masamba ake ali biriwiri. Kungoti funsani bwino kuti ikupirira chiwawu chiti, chifukwa yolimba ku chofiirira itha kugwa ndi chalalanje. Ndipo musadzaze munda wonse ndi mtundu umodzi. Ku Cuba chiwawu chofiirira chinasakaza mtundu wa B4362 kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene unali ponseponse. Ku Australia mtundu wa Q124 ankaudalira kwambiri mpaka chiwawu chalalanje chinaugwetsa mu 2000.

Ena amati ingosiyani, nzimbe zikakula chofiiriracho chimachepa chokha. Kuchepa chimachepadi, koma mitengo imakhala itafupika kale. Feteleza wa nayitirojeni wopyola muyezo naye amangochinenepetsa.

Mpope wanga sindinataye. Ndimaugwiritsa ntchito pa gawo lakale lokha, nzimbe zikadali zazifupi, mawanga oyamba akangooneka kumasamba a m'munsi. Gawo limenelo ndikulizula ndikadula chaka chino, ndipo kwa wogulitsa uja sindinapondekonso.